Rauta imodzi, nyumba zinayi: ndemanga yanga ya intaneti ya panyumba ku Area 49

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndaichotsa chifukwa cha kampani. Akanakhala kuti aneba nawonso amapatsidwa nyenyezi, ndemanga yake ikanakhala ina.

Papita chaka ndi miyezi iwiri chiikitsireni intaneti ya panyumba, ndipo sindili ndekha pa intanetiyo. Tili nyumba zinayi pa ploti imodzi kuno ku Gulliver: ine ndi banja langa kutsogolo, amayi ena omwe ndi anamwino pambali pathu, bambo wina makaniko yemwe ali ndi ana atatu, ndi mnyamata wophunzira ku LUANAR yemwe amachita lendi kanyumba ka kuseri. Anthu akhala akundifunsa kuntchito ngakhalenso tikatuluka m'tchalitchi ngati kugawana koteroku kumathekadi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi, ndileke kubwereza nkhani yomweyomweyo.

Chinatikankha ndi kugwa kwa kwacha kuja kwa mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zinthu zinakwera paliponse, malipiro ali pomwepo. Ine ntchito yanga ndi yowerengetsera ndalama za mashopu angapo a ku Bwalo la Njobvu, ndipo zambiri ndimachitira kunyumba pa laputopu. Bandulo ya sabata ndikagula Lolemba, pofika Lachinayi inkakhala itatha. Tsiku lina madzulo tikucheza pakhonde, tinapeza kuti tonse tikulira chimodzimodzi. Makaniko uja anawerengetsa pa foni ndalama zomwe nyumba zinayi zimawononga pa mabandulo pamwezi, n'kupukusa mutu. Sabata yotsatira ndinapita kukalembetsa.

Pa kuika, kampani sindiinena choipa. Anabwera anyamata awiri panjinga yamoto tsiku lomwe ananena. Anazungulira nyumba akuyeza mphamvu ya netiweki, kenako anakhoma antena pamtengo wachitsulo pafupi ndi denga, kuilozetsa komwe kuli nsanja ya netiweki. Rauta yathu, kabokosi komwe kamagawa intaneti m'nyumba, ndi ya simu khadi m'kati, ya 4G, si ya faiba ayi. Pasanathe maola awiri zonse zinali zikuyenda, ndipo anakana ndalama ya zakumwa yomwe ndinkafuna kuwapatsa. Izi ndazilemba dala, chifukwa sizichitikachitika.

Vuto loyamba linali makoma. Ine ndinkaganiza kuti Wi-Fi ili ngati wailesi, yoti ukatsegula ya MBC imangomveka ploti yonse. Si choncho. Nyumba zathu n'za njerwa zootcha, zopaka pulasitala mbali zonse, denga la malata. Chizindikiro chija chikadutsa khoma limodzi chimafooka, chikadutsa lachiwiri chimakhala chikupumira m'mwamba, chikakumana ndi chitsulo ndiye basi. Amayi anamwino ankaipeza bwino pabalaza pawo chifukwa mawindo athu ndi oyang'anizana. Mnyamata wa kuseri uja ankaipeza pokhapokha ataima pawindo, foni ataikweza m'mwamba ngati akudalitsa anthu. Rauta imaulutsa pa njira ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 5 ndi yaliwiro koma siipita patali, ya 2.4 imayesetsa kuboola makoma koma ndi yochedwa, komanso ndi yodzaza chifukwa marauta ndi mafoni a ploti zoyandikana nafe ali pomwepo.

Tinataya ndalama pogula kachipangizo kolowetsa pa soketi, komwe amati kamawonjezera mphamvu. Wogulitsa anakayamikira kwambiri, monga achitira ogulitsa. Timizere ta pa foni tinadzazadi, koma liwiro linatsika pafupifupi ndi theka, chifukwa kachipangizoko kamamvera rauta kenako n'kubwereza zomwe kamva pa njira yomweyo, ngati womasulira m'tchalitchi. Ulaliki umafika, koma nthawi yake ndi yowirikiza.

Chomwe chinathetsa nkhaniyi ndi chingwe. Tinagula chingwe cha intaneti chotchedwa Cat6 mamita 40, n'kuchilowetsa m'paipi ya pulasitiki ya zamagetsi, mnyamata waganyu anakumba kangalande kuchokera kwanga kukafika kuseri. Kumapeto kwake tinalumikizako rauta yakale yomwe makaniko anali nayo m'kabati. Chingwe chamtunduwu chimagwira bwino mpaka mamita 100, ndiye ploti wamba ya mu Lilongwe muno chimakwanira. Kuyambira tsiku limenelo, a kuseri ndi a kwa makaniko amaipeza ngati ali pabalaza panga. Mukati muchite zathuzi, yambirani pa chingwe. Kungoti nthawi ya dzinja, mvula ya mphezi ikamabwera, timazula chingwecho ndi cha antena chomwe. Mphezi siisowa kumenya nyumba yanu yeniyeni kuti iwotche rauta.

Liwiro limatengera nthawi. M'mawa anthu atapita kuntchito, ana kusukulu, ndikayeza ndimapeza ma Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) opitirira 20. Dzuwa likangolowa limatsika, nthawi zina mpaka 3 kapena 4. Poyamba ndinkaloza chala aneba, koma ndinadzayeza tsiku lina onse kulibe, liwiro linali lotsikabe. Nsanja ija si yathu tokha, tikugawana ndi aliyense wa foni m'dera lonse. Umboni wake timauona kukakhala mpira waukulu pa Bingu National Stadium, pomwe ndi pafupi ndi kwathu kuno. Bwalo lija limalowa anthu pafupifupi 40,000, ndipo aliyense amafuna kuponya chithunzi pa Facebook kuti ali pa Bingu. Tsiku loti Flames ikusewera, kapena Silver Strikers yakumana ndi Bullets, ine ntchito ndimaimalizira m'mawa.

China chomwe ambiri chimawasokoneza, ndipo makaniko anatsala pang'ono kukachita nacho phokoso ku ofesi ya kampani: ma Mbps omwe amalemba pa chikwangwani si ma MB omwe foni imaonetsa mukamakopera filimu. Mugawe ndi 8. Intaneti ya 20 Mbps imakopera ma MB awiri ndi theka pa sekondi, ndipo sikuti akuberani.

Pomwe ndikuona kuti anatipusitsa ndi pa mawu oti “yopanda malire”. Malire alipo. Mukafika pa mlingo wina wake, samakudulani, koma amakutsitsirani liwiro mpaka uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umazungulira ngati galu wofuna pogona. Izi zinalembedwa, inde, koma ndi tizilembo ting'onoting'ono kumunsi kwa pepala, ndipo amene anandilembetsa sanazitchule. Mwezi woyamba tinagunda malirewo pa 19. Titafufuza tinapeza kuti ana a makaniko amasiya makatuni akusewera pa YouTube kuyambira poweruka kusukulu mpaka kugona, ngakhale iwo ali panja akusewera phada. Mwana wanganso wamkulu anali ataphunzira Netflix, pomwe filimu yooneka bwino kwambiri imadya pafupifupi 3 GB pa ola. Onjezani mafoni omwe akangomva Wi-Fi amayamba okha kukonzanso mapulogalamu ndi kutumiza zithunzi zonse za chaka chatha ku Google. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: masiku khumi omaliza a mweziwo ndinabwerera ku mabandulo, intaneti ya panyumba nditalipira kale.

Koma nkhani yomwe inatsala pang'ono kutidanitsa ndi ya pasiwedi. Panja pa mpanda wathu pali mtengo wa mango. Mwezi wachitatu ndinayamba kuona anyamata akabaza akuimika njinga pamenepo masana, mitu ili pansi, aliyense pa foni yake. Ndinangoti akufuna mthunzi. Kenako anayamba kubweranso usiku, pomwe mthunzi sufunika. Nditalowa m'rauta kuti ndione zomwe zalumikizidwa, ndinawerenga zipangizo 31. Ife tonse pamodzi, mafoni, malaputopu ndi ma TV awiri, sitipitirira 14.

Ndinayamba ndafunsa amayi anamwino.

“Pepani amayi, kodi pasiwedi ija munapatsako wina?”

“Ine? Ayi bambo. Mlongo wanga yekha atabwera kudzandiona, koma amakhala ku Kawale ameneyo.”

Makaniko naye anati anangopatsako mnzake mmodzi yemwe amamuthandiza ntchito. Wophunzira uja anati anzake awiri okha ankadzawerenga. Aliyense anapatsa mmodzi yekha, ndipo palibe ananama. Chomwe sitinkadziwa n'chakuti mafoni a Android a masiku ano amatha kuonetsa pasiwedi ngati kachizindikiro ka QR, mnzako n'kungojambula, walowa. Sipafunika kuiloweza kapena kuilemba papepala. Pasiwedi yathu inali ikuyenda m'dera muno ngati mphekesera.

Ndinayesa kutsekera mafoni achilendo limodzilimodzi, koma inali ntchito yotunga madzi ndi dengu. Mafoni atsopano amatha kusintha nambala yomwe amadzidziwikitsa nayo pa rauta, ndiye amene mwamutsekera lero mawa wabwera ndi nkhope ina. Chomwe chinathandiza ndi ichi: pasiwedi timasintha mwezi uliwonse, aliyense amabweretsa foni yake ndimulembere ndekha, ndipo rauta ndinaiuza kuti izilola zipangizo zathu zokha zomwe tinalembetsa. Alendo ali ndi khomo lawo lapadera lomwe ndinalichepetsera liwiro, ndipo ndimalitsegula pokhapokha pakabwera mlendo. Anyamata a pamango aja anachepa pasanathe masiku awiri. Mmodzi anandipatsa moni mwaulemu kwambiri m'mawa wina, n'kufunsa ngati “zija” zinawonongeka.

Za magetsi aliyense akuzidziwa. Rauta imadya pang'ono, ndi ya mavoti 12, ndiye tinasonkherana n'kugula kabatire kake komwe kamaisunga maola anayi kapena asanu. Rauta yachiwiri ija nayonso inafuna kake, zomwe tinaziiwala mpaka tsiku lomwe magetsi anazima wophunzira uja ali m'kati mwa kalasi ya pa Zoom. Magetsi akazima nthawi yaitali, nthawi zina nsanja nayo imagona, ndiye rauta imangoyaka timagetsi take popanda chobweretsa.

Tsopano ndalama. Tinagwirizana kuti tigawe magawo asanu: makaniko awiri chifukwa kwake kuli anthu ambiri, enafe limodzilimodzi. Aliyense azitumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba pofika pa 28. Papepala n'zophweka. Koma kampani siidziwa kuti tili anayi, imadziwa ine. Tsiku likakwana ndimalipira ndekha yonse, kenako n'kuyamba kudikira. Amayi anamwino sanaphonyepo. Wophunzira amachedwa makolo ake akachedwa kumutumizira, koma amanena. Makaniko ndi munthu wabwino, kungoti ndalama zake zimabwera monga abwerera magalimoto owonongeka, mwezi wina ambiri, mwezi wina zii. Pali mwezi womwe anafika pa 15 asanapereke. Mayi a kunyumba anati ndingomuchotsa pa rauta. Ndinatsegula laputopu, dzina la foni yake ndikuliona, koma chala chinakana. Uyu ndi munthu yemwe ananyamula mwana wanga usiku pa galimoto ya kasitomala wake kupita naye kuchipatala malungo atamugwira, ndipo sanafunse ya mafuta. Kampani ikadula munthu siikumana naye pampopi m'mawa. Ine ndimakumana naye.

Ichi ndicho palibe anandichenjeza: amene rauta ili m'nyumba mwake amasanduka kampani. Intaneti ikangodukiza, gulu lathu la pa WhatsApp silithandiza, popeza nalonso limafuna intaneti yomweyo. Ndiye kumangomveka kugogoda. “Odi aneba, netiweki yatani?” Nthawi ili cha m'ma 10 usiku, ine ndavala kale zogonera. Tikapita kumudzi ku Dowa, kiyi wa pabalaza timasiyira amayi anamwino, osati chifukwa cha maluwa kapena mphaka, koma kuti rauta ikafuna kuzimitsa ndi kuyatsanso pakhale wolowa. Mayunitsi a magetsi omwe imadya ndi anga, ndipo sindinawawerengerepo aliyense.

Nyenyezi ija ndaichotsa chifukwa cha zomwe zinachitika mu Febuluwale. Intaneti inasowa masiku atatu athunthu. Ndikaimba foni, nyimbo. Akayankha, “Zimitsani muyatsenso, bwana.” Ndinawauza kuti ndazimitsa kasanu, anati adzandiimbira, ndipo mpaka lero ndikudikira. Tsiku lachinayi inangobwerera yokha, popanda wonena chomwe chinavuta, ndipo masiku atatu aja sanatibwezere. Ine ndiye ndinachita kupepesa kwa anthu atatu pa mlandu womwe sindinapalamule.

Musanayambe, werengani pepala la mgwirizano, tizilembo ting'onoting'ono tomwe, muone ngati akulola kuti intanetiyo ituluke m'nyumba mwanu. Kugulitsa intaneti ngati bizinesi kumafuna chiphaso cha MACRA, n'chifukwa chake ife sitiikapo phindu ngakhale tambala imodzi, timangogawana bilu. Kumbukiraninso kuti simu khadi ya mu rauta inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Wina akachita zachinyengo kudzera pa intanetiyo, dzina loyamba kutuluka ndi lanu. Zipangizo 31 zija zinandisowetsa tulo pa chifukwa chimenechi kuposa pa nkhani ya liwiro.

Za Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, tinakambiranapo, koma titamva mtengo wa zipangizo zake makaniko anangoti, “Tiyeni tiyambe tamaliza ngongole ya kabatire.”

Ndi zonsezi, gawo langa la pamwezi ndi lochepera theka la zomwe ndinkawononga pa mabandulo, ndipo ntchito ya mashopu ndimatumiza osayang'ana kuti kwatsala ma MB angati. Wophunzira uja wamaliza maphunziro, akusamuka kumapeto kwa mwezi uno. Dzulo kunabwera mayi wina kudzaona kanyumba ka kuseri. Sanafunse za madzi, sanafunse za chimbudzi. Anaona paipi ya chingwe ikulowa pakhoma, n'kutembenukira kwa ine.

“Bambo, ndiye imeneyi ndilipira kwa inu kapena kwa alandilodi?”