Nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mnyamata wothandizira pagalajapo

Ndikanalemba ndemanga iyi tsiku limene ndinakankha njinga ulendo wachitatu, nyenyezi ikanakhala imodzi. Ndadikira kuti mtima utsike kaye.

Njinga yanga yamoto ndi ya 125cc, ndipo yanditumikira zaka 4 osandivuta. Matenda ake anali otere: m'mawa imalira ndi kiki imodzi, n'kuyenda bwinobwino makilomita 5 kapena 6, kenako n'kuyamba kutsokomola, kudukizadukiza ngati petulo watha, mpaka zii. Ndikaima pang'ono, imaliranso ngati sinalakwe kanthu.

Mwini galaja sanandilole n'komwe kumaliza kufotokoza. "Bwana, imeneyo ndi kabureta, yatha basi." Sanamasule pulagi kuti aone mtundu wake, chinthu chimene ngakhale ine wosadziwa zaumakanika ndimachidziwa: ikada ndi mwaye ndiye kuti petulo akuchuluka, ikayera mbee ndiye kuti akuchepa, ikafiirira ndiye kuti zili bwino. Sanatsegule kabawuti ka kunsi kwa kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, kuti aone ngati muli madzi kapena dzimbiri. Anangozula kabureta yanga ya Keihin imene inabwera ndi njingayo, n'kuikapo ina yopanda dzina, pa mtengo umene nonse amene munagulako kumeneko mukuudziwa.

M'mawa mwake, malo omwewo, zii. Kuwonjezera apo, yatsopanoyo inabwera ndi zake: utsi wakuda, ndipo ukasiya mafuta injini imakhala ngati izima. Nditabwerera anati ndi fyuluta ya mpweya, ndinagulanso. Ulendo wachitatu ndinafika ndili thukuta kamukamu, iye foni ili kukhutu, n'kungondiponyera mawu akuti, "Mwina mumathira petulo woipa." Ndalama zanga wadya, wolakwa ndikhalenso ine!

Apa mpamene anabwera mnyamata uja amene ndinkamuona ngati wongotola masipanala. Anandifunsa mwaulemu, "Abambo, ikazima mumatani musanailizenso?" Ndinati ndimatsegula thanki kuti ndione ngati muli petulo. "Nanga potsegulapo mumamva kaphokoso?" Ndinakhala kaye chete. Inde, nthawi zonse pamamveka kuti psii, ngati thanki ikupuma. Anafunsanso ngati vutoli limabwera msanga thanki ikakhala yodzaza. Zinalidi choncho, koma panalibe amene anandifunsapo.

Sanafune kuti ndingomukhulupirira. Anadzaza thanki, n'kutseka chivundikiro, anachotsa paipi ya petulo pakabureta n'kuilozetsa m'botolo. Petulo anayamba kutuluka mwamphamvu, pakupita kwa nthawi n'kumachepa mpaka kumangodontha. Atangotsegula chivundikiro, petulo uja anakhuthukanso. Anandilongosolera kuti pa njinga ngati yangayi petulo amatsika yekha, palibe pampu, ndiye akamatuluka pamafunika kuti mpweya uzilowa m'thanki kudzera pa kabowo kakang'ono ka m'chivundikiro. Kabowoko kakatsekeka, thanki imayamba kumukoka petulo m'malo momulola kutsika, kambale ka kabureta kamauma, injini n'kufa ndi ludzu. Choncho chimene chinkaidzutsa njinga yanga sikupuma ayi, koma kutsegula kwanga kwa thanki kuja. Ndinkaichiza ndekha tsiku ndi tsiku osadziwa.

Anamasula chivundikirocho, mkati munali fumbi losakanikirana ndi dzimbiri, louma gwa. Anatsuka n'kupopera mpweya. Mphindi 15 zokha. Kenako, osapemphedwa, anakatenga Keihin yanga m'mulu wa zitsulo zakale. Anatulutsa majeti onse awiri, tizitsulo ta timabowo todutsamo petulo, n'kuwayang'ana padzuwa, ndipo yaing'onoyo, imene imagwira ntchito injini ikamalira pang'onopang'ono, inali ndi kalitsiro. Ndinamupatsa kawaya kuti atokosere, anakana, akuti majeti ndi a chitsulo chofewa, waya amakulitsa bowo ndipo njinga imayamba kumwa petulo mosaneneka. Anaitsuka ndi mankhwala ndi mpweya basi, n'kudikira kuti injini itenthe asanayambe kusintha kasikulu ka mpweya ndi petulo.

Kunena chilungamo, mwini galaja sanakangane nane. Kupepesa sanapepese, koma analandiranso kabureta yake n'kundibwezera ndalama zake, kupatula ya ntchito ya tsiku loyamba. Fyuluta ija nayonso inalidi yotha, sanandinamize. Ndiponso mnyamatayo nzeru zimenezi waziphunzira pomwepo, ndiye mwina bamboyo ntchito amaidziwa, kungoti makutu alibe. Nyenyezi yachitatu ndi yake pa zifukwa zimenezi, ngakhale mawu a petulo woipa aja adakandiwawabe.

Papita milungu itatu, njinga sinatsokomolenso. Mukapita kumeneko funsani mnyamatayo, ndipo chitsulo chilichonse chimene achotsa musachisiye pamulu paja. Labala ya chivundikiro imene anandilonjeza kuti ifika Lolemba, mpaka lero ndikuidikirabe.