Nyumba ya lendi ku Mulunguzi, Zomba: zomwe taona chaka chathunthu

Nyumbayi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaibweza chifukwa cha khoma limodzi lokha.

Tinalowa mu Ogasiti, ine ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, titachoka ku Blantyre kaamba ka ntchito. Ejenti anationetsa nyumba zitatu, ku Matawale, ku Kalimbuka ndi iyi ya ku Mulunguzi. Tinasankha iyi chifukwa ukaima pakhonde phiri la Zomba umaliona lonse, ndipo usiku kumakhala zii. Eni nyumba anafuna lendi ya miyezi itatu yolipiriratu, ejenti nayenso anatenga yake. Zonse tinalemberana pa pepala, ndipo sanakwezepo mtengo mwadzidzidzi ngakhale kuno nyumba zimalimbiranidwa ndi ophunzira komanso aphunzitsi a University of Malawi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi madzi. Amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, amafika ozizira ngati a mufiriji, ndipo mpopi wathu umatulutsa mwamphamvu. Zigubu zomwe tinabwera nazo zangokhala kuseri. M'mwezi wa Okutobala, anzathu a ku Liwonde akugona pakhonde chifukwa cha kutentha, ife tinkafunda.

Koma khoma lija. Nyumbayi inamangidwa pamtsetse, ndipo chipinda chathu chogona chinatsamira mbali ya kuphiri. Titalowa linali louma, penti watsopano mbee. Mvula itakhazikika mu Januwale, madzi otsika m'phiri anayamba kuima kuseri chifukwa ngalande inali yaing'ono komanso yodzaza masamba. Khoma linanyowa kuyambira pansi mpaka m'chiuno, penti anatukusira, nsapato ndi masuti m'kabati zinachita nguwi. Mwana wathu wamng'ono anatsokomola pafupifupi mwezi wonse mpaka tinamusamutsira kubalaza. Zinandipweteka mtima, poti chinali chinthu choti akanatiuza tsiku loyamba.

Ndisawanamizire bambo eni nyumba. Nditawaimbira anabwera m'mawa mwake, anati, "Pepani bambo, ngalandeyi ndinaichedwetsa ndine." Anabweretsa mmisiri, anaikulitsa n'kuiwaka ndi simenti, ndalama zonse zawo. Chinyezi chinachepa, komabe sichinatheretu. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, timatsekula mawindo masana onse ndipo kabati tinaisuntha kuti isagunde khoma.

Zina ndi zazing'ono. Kupita kumsika ndi kutsetsereka, pobwerera ndi katundu pamafunika kabaza wa njinga yamoto, ndipo akaona chitunda amakwezako mtengo. Anyani amatsika kudzathyola mango ndi chimanga cha kuseri, choncho zenera la kukhitchini osalisiya lotsekula. Kumapeto kwa sabata timakwera ku Chawe ndi ana kukagula mabulosi ndi mbatata kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu.

Kwa amene mukufuna nyumba mbali ino ya Zomba, kaioneni nthawi ya mvula ngati n'kotheka. Zungulirani kuseri, yang'anani ngalande, gwirani khoma la mbali ya kuphiri ndi dzanja, tsekulani makabati mununkhize. Ife tasainanso chaka china, titagwirizana kuti khomalo alimatenso mvula isanayambe.