Mixtard 30: ndi yabwino, koma imafuna munthu wodya pa nthawi yake

Mixtard 30 ya kampani ya Novo Nordisk ndi mitundu iwiri ya insulini, mankhwala obaya otsitsa shuga m'magazi a odwala matenda a shuga, m'botolo limodzi. Magawo 30 pa 100 ndi yofulumira, yofanana ndi Actrapid, ndipo 70 otsalawo ndi yochedwa ya mtundu wa NPH, ngati Insulatard. Imayamba kugwira ntchito pakatha mphindi 30, mphamvu yake imakula pakati pa maola 2 ndi 8, kenako imazilala pang'onopang'ono mpaka maola 24. Botolo la 10 ml lolembedwa 100 IU/ml limakhala ndi mayuniti 1,000.

Chokoma chake n'chakuti jakisoni ndi kawiri kokha patsiku, mphindi 30 musanadye m'mawa ndi madzulo, ndipo palibe zosakaniza mabotolo awiri m'sirinji. Kawirikawiri adokotala amaika magawo awiri mwa atatu a mlingo wa tsiku lonse m'mawa, limodzi madzulo. Wa mayuniti 30 patsiku amabaya 20 ndi 10, ndipo botolo limam'kwanira masiku 33.

Koma mukabaya m'mawa ndiye kuti mwalonjeza kale kuti nkhomaliro mudya, ndipo mudya masana enieni. Gawo lochedwa lija silidziwa kuti nsima yachedwa. Munthu abaye 6 koloko, amwe phala, apite kudimba, n'kudzadya 3 koloko: khasu ladya shuga, insulini nayo ikukoka, mapeto ake ndi thukuta, kunjenjemera, chizungulire ndi njala yoopsa. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, imwani, yezaninso pakatha mphindi 15, kenako mudye chakudya chenicheni. Wokomoka musam'thire kanthu m'kamwa, thamangani naye kuchipatala.

Vuto lina n'lakuti yofulumira ndi yochedwa zija sizisiyanitsika. Shuga akamakwera m'mamawa, mukawonjezera mlingo wamadzulo mwawonjezeranso yofulumira, ndiye shuga amagwa usiku munthu ali mtulo. Apa Actrapid ndi Insulatard zapaderapadera zimapambana, chifukwa chilichonse chimasinthidwa pachokha. Kuposa pamenepo pali glargine, monga Lantus, yobaya kamodzi patsiku, yopanda nthawi imene mphamvu imakwera kwambiri, n'kumawonjezera yofulumira ngati NovoRapid pa chakudya chilichonse. Ndi majakisoni anayi patsiku, mtengo wake ndi wokwera, ndipo imafuna kuyeza shuga pafupipafupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika insulini za mtundu wa glargine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021.

Zolakwika zambiri zimachitikira m'manja. Mixtard ikakhala, zoyera zimadikha pansi. Gubuduzani botolo m'zikhatho mpaka lonse lioneke ngati mkaka, osalikhutchumula, apo ayi lero mubaya yofooka, mawa yamphamvu. Yokhala ndi timibulu tosasungunuka itayeni. Yang'ananinso sirinji: insulini ya U-100, yomwe ndi ya 100 IU/ml ija, imafuna sirinji ya U-100. Mukaikoka ndi ya U-40, yopangidwira insulini ya 40 IU/ml, mpaka pa nambala yomwe munazolowera, mwabaya mlingo wochuluka kawiri ndi theka.

Pobaya, pamimba pamalowa msanga kuposa pantchafu. Sinthani malo tsiku lililonse, motalikirana ngati m'lifupi mwa chala. Malo obayidwa mobwerezabwereza amatupa n'kulimba, sapwetekanso, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma insulini imalowa mwa apo ndi apo.

Botolo losatsegula likhale m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, osati mopangira ayezi, chifukwa ikaundana yatha ntchito. Lotsegula lilembeni tsiku, ndipo masabata amene lingakhale kunja kwa firiji ali pa kapepala ka m'bokosi. Kopanda magetsi, kulungani botolo m'pulasitiki, ikani m'kamphika kadothi, kamphikako kakhale mumtsuko wa mchenga wonyowa pamthunzi podutsa mphepo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mchengawo uzithiridwa madzi m'mawa ndi madzulo.

Kwa wamkulu wa shuga wa mtundu wachiwiri amene mapilisi a metformin am'kanika, ndipo amadya pa nthawi zodziwika, Mixtard 30 ikukwanira bwino. Mwana wa shuga wa mtundu woyamba, dalaivala wa maulendo ataliatali, mlonda wausiku kapena wofuna kusala kudya, akambe kaye ndi adokotala za ndondomeko ina asanalandire botolo.