Ndemanga: masabata 8 ndi kochi wa jimu pa Kasungu boma, HIIT yachuluka, kadiyo yachepa

Pulogalamu imene tikuikamba pano ndi ya kochi wina wa pa jimu ina pa Kasungu boma. Ndi ya masabata 8, kukumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kwa ola limodzi, anthu osapitirira 6 pagulu. Taimaliza yonse. Kochiyu ntchito amaidziwa, koma HIIT (masewera amphamvu kwambiri a kanthawi kochepa, osinthana ndi kupuma pang'ono) anaikonda mpaka amaipereka kwa aliyense ngati panado, kaya ndi mnyamata wosewera mpira kaya ndi bambo wa mu ofesi amene anathamanga komaliza ali ku sekondale.

Tsiku loyamba limayenda bwino. Amakuyezani pa sikelo, amakuzunguliza tepi m'chiuno molunjika mchombo, kenako amakuphunzitsani kuwerenga nokha kugunda kwa mtima: zala ziwiri pamtsempha wa padzanja, kuwerenga kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa ka 4. Malire a mtima amawayerekeza pochotsa zaka zanu pa 220. Munthu wa zaka 40 ndiye kuti malire ake ali cha pa 180. Kadiyo (masewera olimbitsa mtima ndi mapapo, monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga) yofatsa kwa iye ndi pakati pa 90 ndi 126 pa mphindi, yamphamvu ndi kuyambira 126 mpaka 153. Masamuwa ndi ongoyerekeza, ndiye amaonjezerapo njira ya pakamwa. Ngati mukutha kucheza koma osatha kuimba, muli pa kadiyo yofatsa. Ngati mawu akungotuluka awiri atatu ndi befu, mwalowa kwamphamvu. Zimenezi ndi zothandiza ndipo makochi ambiri saphunzitsa.

Diso alinalo. Pa masikwati (kunyonyomala n'kuimirira mobwereza) amaona msanga bondo likamagwera mkati kapena chidendene chikamanyamuka, ndipo amakuimitsani pomwepo. Pa mapushapu salola chiuno kulendewera.

Chimene sayeza ndi BP, ndipo safunsa n'komwe. Ili ndi vuto lalikulu pa pulogalamu imene imathamangitsa mtima chonchi. Matenda othamanga magazi nthawi zambiri sapweteka paliponse. Amene wapitirira zaka 40, wa shuga, kapena amene amamva kuthina pachifuwa akakwera chitunda, ayambe wayezetsa kuchipatala asanalipire.

Masiku onse atatu ndi HIIT, kuyambira sabata yoyamba. Kadiyo imangokhala mphindi 10 zotenthetsa thupi podumpha chingwe. Kenako ma burpee (kutsika pansi ngati mukuchita pushapu n'kudzuka molumpha), kulumpha kuchokera pa sikwati, kuthamanga pamalo amodzi mawondo m'mwamba, masekondi 20 kugwira, 10 kupuma, mpaka theka la ola. Iye amati ndi Tabata. Tabata yeniyeni, imene Izumi Tabata ndi anzake anailemba ku Japan mu 1996, ndi maulendo 7 kapena 8 okha, mphindi 4, pa njinga ya pamalo amodzi, ndipo anaiyesa pa anyamata olimba kale. Ngati mukutha kuichita kwa mphindi 30 ndiye kuti mphamvu yatsika kale, chatsala ndi kulumpha mwatopa. Ndipo munthu wotopa amatera moipa. Pansi pa jimuyi ndi simenti yopanda mphasa ya labala, ambiri amabwera ndi nsapato za pa kaunjika zotha kunsi. Pofika sabata yachitatu madandaulo amakhala amodzimodzi: kutsogolo kwa mwendo pansi pa bondo kukuwawa, akakolo, msana wam'munsi. Chifukwa chake n'chakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imachedwa. Mpweya umakuuzani kuti pitirizani, mwendo usanakonzeke.

Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera mawa lake kapena mkuja ndi kwachibadwa. Koma mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu itatupa, musadikire kochi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amanenanso kuti HIIT imasungunula chimimba komanso thupi limapitiriza kuwotcha mafuta tsiku lonse. Kuwotcha kwa pambuyoko kulipo, koma n'kochepa, mandasi amodzi a pa depoti amakufafaniza. Palibenso masewera amene amasankha mafuta a pamimba pokha. Ubwino weniweni wa HIIT ndi nthawi: imakweza mphamvu ya mtima ndi mapapo m'mphindi zochepa. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 za masewera ofatsa pa sabata, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi imodzi yamphamvu imawerengedwa ngati ziwiri zofatsa, basi. Pa kutsika kwa sikelo, chimene chimalamula kwambiri ndi mitanda ya nsima ndi shuga wa mu tiyi, ndipo pa zakudya kochiyu sanenapo kanthu.

Pulogalamuyi ikanakhala bwino itatembenuzidwa. Masabata 4 oyamba akhale a kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga mphindi 30, masiku 5 pa sabata, ndi masikwati ndi mapushapu kawiri pa sabata. Sabata ya 5 mulowetse HIIT kamodzi: masekondi 30 mwamphamvu, 90 kuyenda, ka 6. Ikakhazikika, kawiri pa sabata, pakati papite maola 48. Kwa wonenepa, njinga ya pamalo amodzi ilowe m'malo mwa kulumpha. Jimuyi ili nayo imodzi yokha, lamba wa phazi lakumanzere anaduka, ndipo imakhala pakona yaunjikidwa matawulo.

Nthawi nayo muisankhe. Denga ndi la malata opanda siling'i, mu Okutobala gulu la masana limakhala ngati muli m'chigafa cha fodya wa flue. La 5 koloko m'mawa ndiye labwino. Madzi bwerani nawo, botolo la lita.

Kwa amene amathamanga kale kapena amasewera mpira, pulogalamuyi ndi yoyenera ndalama yake. Kwa woyamba kumene, lipirani pokhapokha kochiyo atavomera kuti mwezi woyamba ukhale wopanda kulumpha, ndipo mugwirizane zimenezi musanatulutse ndalama.