Patiyimu ya chimangirizo pa Kasungu boma

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4 koma chimangirizo chimamuvuta heve, mfundo zonse amangozithira mundime imodzi. Ndiye tinamulembetsa patiyimu ina kufupi ndi msika, Loweruka m'mawa. Tsiku lina ndinakhala nawo kumbuyo. Madamu ake ndi odekha bwanji, analemba pabolodi chiyambi, thunthu, mathero kenako akuti ndime iliyonse mfundo imodzi basi, chiganizo choyamba chitchule mfundoyo zinazo zipereke chitsanzo. Mutu anawapatsa wa fodya, afotokoze kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa, kuno ndani sadziwa zimenezo, palibe mwana anasowa cholemba.

Pa nkhani ndi ndakatulo amawauza kuti osamangobwereza zomwe zachitika, anene mfundo yaikulu kaya ndi nsanje kaya umphawi, aonetsenso pomwe ikuonekera.

Chandisangalatsa kwambiri ndi choti mawu a wina ukatenga uzitchula mlembi, chaka ndi tsamba osati kungokopera pa intaneti.

Vuto ana achuluka, ena akukhala pansi ndipo makope akumachedwa kuchongedwa pomwe MSCE yayandikira. Komabe mwanayu timusiya konko mpaka mayeso.