Kuyesa mwendo wa mwana: mphamvu kapena kulunjika?

M'mabwalo afumbi a ku Ndirande kapena ku Bangwe, kochi akhoza kungouza mwana kuti amenye mpira, n'kuwerenga mapazi mpaka pomwe wagwera. Njirayi ndi yachangu, koma imakondera ana okula msanga. Kamnyamata kochepa thupi kamatayidwa, chonsecho kali ndi luso.

Ine ndimakonda njira ina iyi: kuika mpira pa penate, mamita 11 kuchokera pagolo, kumangirira nsanza m'makona anayi a golo, mwanayo n'kumenya molunjika nsanzazo kakhumi ndi mwendo wamanja, kakhumi ndi wamanzere. Apa mumaona ngati phazi loponda pansi laima pambali pa mpira, komanso ngati mwendo wofookawo ukugwira ntchito. Imadya nthawi, inde. Ana osakwana zaka 12 muwapatse mpira wa saizi 4, wa akuluakulu umawalemera.