Mgolo wopukusa manyowa: makoswe anathawa, koma radishi wanga anafa

Dimba lathu ndi la tonse, mabanja 12, kuseri kwa nyumba zosanjikizana zomwe timakhala. Za manyowa anandisiyira ine, ndiye titasonkherana n'kugula mgolo wopukusa uja, wousamala ndinakhala ine ndemwe. Papita miyezi 8 tsopano, ndinenepo.

Ndi mgolo wapulasitiki wakuda, wa zipinda ziwiri, wokhala pamiyendo yachitsulo. Mumathira zotsala za kukhitchini mbali imodzi mpaka idzaze, n'kuisiya iziwola kwinaku mukudzaza inayo. Kuumanga kunatidyera masana onse, mabawuti mbwee, zithunzi za pakapepala ka malangizo zosaoneka n'komwe.

Chomwe tinaugulira wachichita. Kale tinkangounjika mulu pakona, makoswe n'kusandutsapo mudzi, a m'nyumba yapansi tsiku ndi tsiku kudandaula fungo. Chiyambireni kutsekera mumgolomu, khoswe sindinamuonenso. Agogo ena amene amavutika msana amaupukusa okha ukakhala theka. Ukadzaza ndiye pamafunika anthu awiri.

Pomwe sindikugwirizana ndi wogulitsa ndi pa nthawi. Pakatoni analemba kuti manyowa amapsa m'masabata ochepa chabe. Manyowa kuti apse msanga amafuna kutentha kwa madigiri 55 mpaka 65, ndipo mulu umasunga kutentha kotereku ukakhala waukulu, pafupifupi mita imodzi mbali zonse. Kachipinda ka mgolowu n'kakang'ono, kamafunda masiku awiri atatu kenako zii. Kwinaku anthu amabweretsa makoko ndi masamba onyowa okhaokha, ndipo mukamapukusa zimaumbana mibulu ngati zibakera, yonunkha mkati. Ndinachita kuika thumba la makatoni ong'ambang'amba ndi masamba ouma pambali pake, n'kulamula kuti wothira ndowa imodzi ya zonyowa athirenso ziwiri za zouma. Mukafinya m'manja pazituluka dontho limodzi kapena awiri, basi.

Tsono pali pomwe ndinalakwa ndekha. Patatha masabata 6 ndinaona zada bii, mumtima n'kuti zapsa. Ndinadzaza mathireyi awiri n'kufesa radishi ndi mpiru wa microgreens, timasamba tija timadulidwa tikadali tanthete, pakati pa masiku 7 ndi 14 chifeseni. Ndinavundikira ndi thireyi ina pamwamba masiku atatu monga ndimachitira nthawi zonse. Povundukula, zinali zitamera apa ndi apo, ndipo pofika tsiku lachisanu timitengo tinali titawonda m'tsinde, penipeni pogundana ndi dothi, n'kugonera mbali imodzi. Ubweya woyera umene unali pamenepo ndinkadzinamiza kuti ndi timizu, pajatu radishi akamamera amatulutsa timizu ngati thonje. Koma timizu mukatiwaza madzi timaphwa osaonekanso. Uwu unatsala tandale ngati ukonde wa kangaude, fungo lake la nsalu yonyowa yoiwalika m'ndowa. Chinali chuku. Manyowa osapsa amakhala akuwolabe, kambewu kongomera kumene sikangapirire.

Masiku ano zotuluka mumgolo ndimazikhuthulira m'bokosi lamatabwa zikhale mwezi wina wathunthu, kenako ndimasefa. Ndisanafese ndimayesa kaye: njere 10 za radishi m'kapu ya manyowa, zina 10 m'kapu ya dothi lofesera logula. Zikamera mofanana, ndimasakaniza gawo limodzi la manyowa ndi magawo atatu a dothi lijali. Kunena zoona, microgreens safuna chakudya chambiri, amakula ndi chimene chili kale m'njere. Kwa ine mpendadzuwa ndi nsawawa ndi zomwe zimaoneka kukondwa ndi manyowawa, ndipo izi ndimayamba ndaziviika m'madzi usiku umodzi. Manyowa otsala amapita m'mabedi, kumene sakhala ndi vuto ngakhale atakhala okhakhala.

Mukati mugule kapena ayi? Ngati malo ndi opanikizika ndipo mawindo a anzanu ali pafupi, gulani. Koma mgolo umodzi pa mabanja ambiri ngati ife sukwana, chipinda chimadzaza m'masabata awiri chinacho chisanafike pena paliponse. Chitsulo chapakati chayamba kale dzimbiri, ndipo chitseko chimodzi chimakakamira manyowa akalowa m'njira yake, moti ndimasunga kathabwa pansi pa mgolopo kochigogodera.